Msana Umene Sunamve za Maliro

Wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo ankafuna laisensi ya njinga yamoto kuti azitha kukaona mdzukulu wake wodwala, amene ankakhala kutali. Koma tsiku la mayeso, pokhota pakati pa zitini zimene woyesa anandandalika pabwalo, thupi lake linkangopendekera kumanja mpaka anagwa nayo njinga, fumbi koboo! Ophunzira anzake anafa nacho chiseko.

"Madala, mwalephera," anatero woyesa uja pomudzutsa. "Bwalo ndi losalala, nanga mukupendekera chiyani? Kapena mwalawako?"

"Sindimwa, mwanangu. Mayi akunyumba miyendo inali yofooka. Moyo wathu wonse ndinkawakweza pa njinga yakapalasa, kutchalitchi ndi kuchipatala komwe, atakhala chammbali, miyendo kumanzere. Ine ndinkapendekera kumanja kuti tisagwe. Mulungu anawatenga chaka chatha, koma msanawu sunamvebe za malirowo."

Woyesa anayang'anitsitsa mpando wakumbuyo ngati pakhala munthu. Laisensi sanapereke, poti lamulo ndi lamulo.

"Loweruka mubwerenso, bambo," anatero motsitsa mawu. "Ndidzakwera kumbuyoko ineyo, mwendo uku mwendo uku, mpaka msanawo uzolowere."