Tsiku Limene Kavaneti ka Atate Kanakana Kuzima

Ndikukumbukira kavaneti ka atate anga ngati kuti kaima pakhomo pano kakudontha oilo. Inu anzanga amene munakulira ku Kafue Estates masiku aja musanamizire kuiwala, pakuti ambiri a inu munakakankhapo. Kumanzere kanali kobiriwira, kumanja kanali ka mtundu wa dzimbiri, ndipo chitseko cha dalaivala chinkamangidwa ndi waya. Atate anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ku fakitale ya fetereza, ndiye galimoto imeneyi inali umboni wawo woti sanabwere m'tauni kudzangoona njanji.

Kiyi yake inafa ine ndisanayambe sukulu, sukulu imene sindinakhalitseko. Poliza, atate ankalumikiza batire, ife ana n'kukankha. Pozimitsa sankavutika. Ankangoponda buleki kali m'giya, iko n'kukomoka kokha, chifukwa kanalibe mphamvu yokangana ndi munthu.

Mavuto anayamba pamene mlongo wanga Enelesi anapeza mwamuna wa Chibemba, amene makolo ake ankalima ndiwo ku Shimabala. Malume ake a mnyamatayo, ba Mwansa, atabwera kudzakambirana za ukwati, atate anadzipereka kuwaperekeza pa kavaneti. Titafika pa chitunda chija cha pamsewu wa ku Lusaka, kanatsokomola, kanayetsemula, kenaka kanangoti zii. Ba Mwansa anatsika n'kukankha nafe atavala suti. Mukudziwa chimbuya cha Abemba ndi ife a kum'mawa, chibale chija chonyozana mwanthabwala: iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ndipo palibe amakhululukira mnzake. Akupukuta thukuta, anati, "Ba mbuya, iyi motoka mumaidyetsa mbewa? Tsiku la chilanga mulilo ndizatuma lole yanga, nshima ingazafike yowola."

Atate anaseka monga mwambo umafunira. Chilanga mulilo ndi tsiku limene akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kupita nazo kwa mkamwini, kuti aone zimene azidya m'banja mwawo. Chakudya chimenecho kukwera lole ya akuchimuna, kwa atate, kunali ngati kuvula thalauza pamsika. Analumbira kuti miphika ya mwana wawo ikwera chitunda chija pa galimoto yawo, ndipo ikwera mothamanga.

Ntchito inayamba Loweruka lotsatira pansi pa mtengo wa mango. Atate anamasula kabureta, kachitsulo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya, n'kuyala tizidutswa take m'lichero la amayi. Timabowo todutsa petulo anatiuzira ndi pakamwa mpaka masaya kutupa, ndipo ataona kuti n'tating'ono kwambiri, anatikulitsa ndi singano. Ankati munthu sanganenepe akumadyera pa kamwa la nyerere. Chosefa mpweya anachitaya kuseri kwa chimbudzi, ati chinkabanikitsa injini, m'malo mwake anavekapo sitonkeni ya amayi ya kutchalitchi. Mapulagi anawapala ndi sandipepa. Distribyuta, imene imagawa moto ku mapulagi, anaipotoza pang'onopang'ono khutu lili pa injini, ngati sing'anga womvera mimba. Sailensa, yochepetsa phokoso ija, inachoka. Kenaka mnzawo wina wa kufakitale anawanong'oneza kuti timibulu toyera tija toika m'sutikesi kuopa njenjete timapatsa petulo ukali. Madzulo ake sutikesi ya amayi inatsala yopanda mlonda.

Zinthu ziwiri zokha n'zimene zinavuta. Kasipuling'i kobweza moto munthu akachotsa phazi kanadumphira m'maudzu, ndipo tinakafuna mpaka kutopa. Atate anadula legeni la chubu cha njinga n'kumangapo. Chachiwiri, pampu ya petulo inali itakalamba, sinkakwanitsa kudyetsa kabureta wadyera uja. Apa m'pamene ine ndinakwezedwa pa ntchito. Anatenga chigubu, anachidzaza petulo ndi timibulu tija, analowetsamo paipi yaitali yodutsa pamwamba pa denga mpaka ku injini, n'kundiimika kumbuyo nditachisenza pamutu. Petulo inkatsika yokha. Ine ndinali pampu.

Atate sankakhulupirira mwana asanamuyese. Anandiuza kuti chigubu chisatsike zivute zitani, ngakhale atandiuza ndani. Tikuyesa galimoto m'misewu ya m'komboni, anasuzumira pawindo n'kukuwa kuti, "Iwe, tsitsa!" Ine, mwana womvera, ndinatsitsa. Kavaneti kanayenda pang'ono n'kufa. Atate anatuluka mwaulemu, anandigwira khutu n'kulipotoza monga anachitira ndi distribyuta.

"Ndinati ngakhale ndani. Ine sindine ndani?"

Phunziro limenelo linalowa bwino kuposa onse a kusukulu.

Tsiku litafika, kumbuyo kunadzaza. Munali miphika yokutidwa ndi zitenje, mabeseni a nkhuku, nsomba zouma za mumtsinje wa Kafue, chikanda, ndiwo zotendera zimene Abemba amati ifisashi, ndi nshima yochuluka moti mwana akanatha kubisalamo. Azimayi anakhala mozungulira, aliyense atakumbatira mphika wake. Mtsogoleri wawo anali azakhali anga ba Tisauke, mlongo wa atate, mayi wathupi amene ankaimba ng'oma ngati ili ndi mlandu. Ine ndinaima pakati, nditamangidwa m'chiuno ndi chitenje ku zitsulo, fungo la nkhuku kumphuno ina, la petulo kumphuno inayi.

Anzanga, kavaneti kanasintha. Tisanatuluke n'komwe m'tauni, agalu anali atathawira m'makalavati. Kankabangula, kakumawombera moto kumbuyo, anthu a pamsika n'kumagwira ana awo. Pa chitunda chathu chija sikanatsokomole. Tinapeza lole ya makala ikukwawa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo atate anapitirira galimoto ina imene inali kuyenda. Anatulutsa dzanja n'kubayibitsa dalaivala wake ngati pulezidenti. Azimayi anaimba nthungululu. Tizilombo touluka tinkandimenya m'mano, chifukwa nanenso ndinali kuseka.

Koma pansi pa boneti kunali kutentha, ndipo legeni si chitsulo. Titangokhotera mumsewu wafumbi wa kwa apongozi, linaduka. Atate anachotsa phazi, injini sinamve. Anaponda buleki kuti ikomoke monga mwa masiku onse, koma inali itadya timibulu, inangowakoka ndi buleki yawo yomwe. Anaponda kilachi, inalira ngati nkhumba yoona mpeni, iwo n'kuopa kuti iphulika, anaisiya. Anagwira kiyi, n'kukumbukira kuti ndi yokongoletsa chabe.

Mwambo umati akuchikazi akafika pageti aime, aimbe, adzikoke, mpaka akuchimuna atuluke kudzawanyengerera kuti alowe. Apongozi anali ataima pamzere, ba Mwansa patsogolo, mkamwini atapesa bwino pambali pawo. Ife tinadutsa pagetipo osapereka ndi moni womwe. Mzere unabalalika. Atate anapewa nyumba, anapewa khola la mbuzi, n'kuyamba kuzungulira bwalo, fumbi lili kobo, nkhuku zamoyo zikuuluka pamwamba pa zophika.

Mutu wa atate unatuluka pawindo. "Tsitsa chigubu! Tsitsa!"

Ndinamwetulira. Ndinadziwa kuti mdala akufuna kundiyesanso, pamaso pa alendo, kuti aone ngati khutu lija linamva. Ndinachigwiritsa ndi manja onse, n'kunyanyamphira kuti chikwere bwino.

"Ndine wiso, atate ako, iwe galu, tsitsa!"

"Munati ngakhale ndani!" ndinayankha.

Mpaka lero palibe amene anandionetsa pamene ndinalakwa. Amayi ankakuwa, koma sakanasiya mphika wa nsomba. Amene anatipulumutsa ndi azakhali ba Tisauke. Sanataye nthawi kukambirana ndi mwana. Anaika ng'oma pansi, anagwira paipi, anaipinda pawiri n'kuikhalira. Pansi pa azakhali palibe chimene chinkadutsa. Injini inamwa kotsala m'kabureta, inageya, n'kukafera pakati pa dimba la kabichi la apongozi.

Mbuzi zinapitiriza kulira. Mphika ngakhale umodzi sunatayike. Azakhali anatsika, anakonza duku, anauza azimayi kuti asenze miphika. Anayenda pamzere kudutsa apongozi onse osawayang'ana, anatuluka pageti, anatembenuka, n'kuyamba nyimbo ngati angofika kumene. Akuchimuna anayang'anana, anadzikuntha fumbi, n'kupita kukawanyengerera kuti alowe pamalo pamene anali atalowa kale. Mwambo unayenda wonse, ndipo mkamwini anadya nshima ikadali yotentha moti anapsa zala.

Atate anatsala m'dimba, ataima pa kabichi wophwanyika, akudikira chipongwe chimene chikanawatsata mpaka kumanda. Ba Mwansa anabwera pang'onopang'ono. Anazungulira kavaneti, anatsegula boneti, anayang'ana sitonkeni ija nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Ba mbuya, lole yanga ija siikwera bwino masiku ano. Mwaikamo chani umu?"

Atate anapukuta manja ndi kansanza mosafulumira. "Mbewa," anatero.

Ukwati uja ulipobe, awiriwo tsopano amakangana za mankhwala a miyendo. Masiku ano mdzukulu wanga ali ndi galimoto yopanda kabureta. Ikadwala amapita nayo kwa mnyamata wa manja oyera, amene amailumikiza ku kompyuta n'kuifunsa kumene kukuwawa. Pansi pa boneti anavundikirapo pulasitiki, palibe poti munthu n'kuikapo nzeru zake. Zakudya za chilanga mulilo nazo zimapita pa magalimoto a hayala, azimayi atakhala pa mipando, akujambulana ndi mafoni, ndipo zimafika bwinobwino, mawa lake palibe amene akukumbukira kuti zinafika bwanji. Ndikamuuza mdzukuluyo kuti agogo ake anakhalapo chiwalo cha injini, amandiyang'ana ngati ndayamba kusokonezeka. Ine ndimangomumvera chisoni. Wayenda pa galimoto moyo wake wonse, koma palibe ngakhale imodzi imene inamufunapo.