Nsidze za Achemwali

Achemwali anga ali ndi nkhope yosasunga chinsinsi. Ukawaonetsa chibwenzi, usanafunse n'komwe, nsidze zayankha kale. Ine zinandithetsera zibwenzi ziwiri, ndipo mpaka lero sindinakhululuke.

Bambo athu samva, ndiye achemwali anayamba kulankhula ndi manja asanadziwe kumanga nsapato. Atakula, khonsolo inawalemba ntchito yomasulira pa misonkhano ya bajeti: bwana wa zachuma akuwerenga, iwo ataima pambali, anthu osamva atakhala mzere wakutsogolo, bambo pakati atatchena jekete.

Vuto ndi loti polankhula ndi manja, ukakweza nsidze ndiye kuti ukufunsa. Bwana akati, "Msewu wa kumsika tamaliza," manja a achemwali ankanena zomwezo, koma nsidze zili m'mwamba: tamaliza? Osamva ankangoti mapewa gwedegwede, kuseka. Posakhalitsa akumva nawonso anatulukira. Holo imene kale munkangogona agalu inayamba kudzaza, ena kubwera ndi mipando yawo, ena kukakamira pa mawindo, woyang'ana bwana palibe. Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa.

Bwana anawaitanira mu ofesi. "Mayi, tinalemba ntchito manja anu, osati nkhope. Zikakweranso nsidzezo, ntchito yatha."

Achemwali ali ndi ana atatu. Sabata yonse anayeserera pagalasi, ine ndikuwathira mabodza: kuti ndasiya mowa, kuti alamu ndi okongola.

Tsiku la msonkhano nkhope inali ngati khoma. Mijigo yakumbidwa, nsidze zii. Zimbudzi za kusukulu zamangidwa, zii. Anthu anayamba kuyasamula. Kenako bwana anati, "Mankhwala a shuga tagula, afika kale kuchipatala."

Ndiwo mankhwala amene bambo amamwa. Manja anamasulira, nkhope osagwedera. Bambo anamwetulira n'kukweza manja: "Zoona, mwanawe? Ndiye mawa ndilawirira wapansi."

Achemwali anawayang'ana bambo. Nsidze zinanyamuka pang'onopang'ono mpaka kukalowa mu wigi. Holo yonse inafa ndi phwete. Ine ndinaseka nawo, koma mtima ukuwawa, podziwa kuti ntchito yapita.

Pobwerera kunyumba achemwali ankayenda atapinda manja. Bambo anawakodola paphewa.

"Kuchipatalako ndinapita dzulo, kulibe kanthu," anatero ndi manja. "Ndimangofuna ndione ngati nkhope ya mwana wanga a khonsolo anaigulanso."