Chikwakwa pa Poto wa a Mtonga

Eston Zgambo wa ku Mwase Lundazi anali wosula mapoto, munthu wa manja ake, ngakhale sukulu anangoionera pawindo. Ali mnyamata anakhala zaka zisanu ndi ziwiri akusesa m'chipinda choyezera miyala ku migodi. Pakhoma pamenepo panali chipepala cha zizindikiro zimene anthu amakedzana ankalembera zitsulo. Anzake ankangochidutsa, koma Eston anafunsa mpaka azungu a mmenemo anatopa naye, ndipo anachisunga chonse m'mutu.

Anabwerera kumudzi m'zaka za chipani chimodzi, nthawi imene mchere tinkachita kuuimira pamzere ndipo poto m'sitolo unali nkhani ya kumaloto. Anayamba kusungunula zitsulo zotayidwa n'kumathira m'zikombole za mchenga. Chitini chilichonse chosungiramo zidutswa anachijambula chizindikiro chake. Chitsulo chinali mkombero wokhala ndi muvi. Mkuwa unali mkombero wokhala pamwamba pa mtanda. Aluminiyamu akale sanamudziwe, choncho Eston anamupangira yekha nthenga, poti ngwopepuka. Chitini cha mtovu ankachiika kutali ndi ng'anjo, ndipo anachijambula kamtanda kokhala ndi chikwakwa. "Uyu amakolola anthu mwakachetechete," ankatero.

Tsiku lina a Solomon Mtonga, mkulu wa mpingo, anabwera kudzanoletsa nkhwangwa. Anaona mitanda pa zitini, ndipo anabwerera nkhwangwa ili yobuntha. Sabata isanathe, mudzi wonse unali utamva kuti Eston amalemba za ufiti. Akulu a mpingo anamuletsa Loyce, mkazi wa Eston, kuvala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, ndipo Eston anamuitanira kubwalo la akulu kuti akamudule mumpingo. Za iye mwini sanadandaule kwambiri. Chimene chinamuwawa ndi kuona Loyce akupinda bulauzi ija n'kuiika pansi pa sutikesi, misozi ili mbwembwembwe.

Loweruka anamanga zitini panjinga n'kukaziyala pamaso pa akulu, kuseri kwa tchalitchi.

"Adada Zgambo," anatero a Mtonga, "mtanda wa Ambuye ufuna chani pa vitini?"

Eston anafotokoza chizindikiro chimodzichimodzi, osachita chibwibwi. Akulu anangoyang'ana pansi, ndipo zinaoneka kuti mlandu anauweruza kale kunyumba.

Pamenepo anafika a Yunike, akazi a Mtonga, atasenza thobwa la akuluwo m'poto watsopano. Anamugula kwa munthu wodutsa, popeza amuna awo analetsa kugula kwa Eston. Eston, mwaulemu, anaimirira kuwatula. Akulu atamwa, Eston ananyamula poto uja wopanda kanthu, ndipo dzanja linamuuza zimene maso sanaone: anali wolemera kwambiri. Anamutembenuza, n'kukanda m'kati ndi msomali. Msomali unalowa ngati m'sopo.

"Amama, poto uyu muphikilamo phala la ana?"

"Eya, masiku onse," anayankha a Yunike.

"Nanga m'mimba mwawo muli bwanji?"

A Yunike anayang'ana amuna awo. Adzukulu awo awiri anali atatha miyezi itatu akudandaula m'mimba, ndipo pakhomo pawo ankanong'ona kuti wawalodza ndi Eston yemweyu.

"Pansi apa anamata na mtovu wa m'batile ya galimoto," anatero Eston. "Lekani lelo lomwe, ndipo ana mupite nawo kuchipatala."

A Mtonga anali munthu wouma khosi, koma adzukulu ake ankawakonda kuposa mawu ake. Anaimirira, n'kukatola khala pamafuwa a kuseri kwa tchalitchi, nagwada pafupi ndi poto.

"Nilangizeni, adada," anatero a Mtonga. "Chikwakwa chija chiyambila kuti?"

Eston anawagwira dzanja, ndipo anajambula limodzi pa poto uja, kamtanda poyamba, kenako chikwakwa. M'mawa mwake Loyce anasita bulauzi yake, ndipo amene anamusungira malo pabenchi la kutsogolo anali a Yunike.