Majekete Khumi ndi Awiri a Herlinda

Inu amene ntchito ya manja anu inabwezedwapo, imvani za Herlinda Quiroz wa mumsewu mwathu kuno ku León.

Lachiwiri lina galimoto inatsitsa makatoni atatu pakhomo pa shopu yake. Munali majekete achikopa khumi ndi awiri amene anasoka kwa miyezi itatu. Wogulitsa wa ku Guadalajara amene anawaitanitsa anangolemba mzere umodzi: "Mwalemba saizi 42, koma palibe munthu wa 42 amene akumukwana."

Mwamuna wake, Cipriano, anali atamwalira chaka chathacho. Awiriwo ankasoka majekete otengera aja akale a oyendetsa ndege zankhondo. Cipriano ankadula zikopa, Herlinda nkumasoka. Aka kanali koyamba kuti Herlinda adule yekha. Anatenga jekete lakale lenileni limene malemuyo ankasunga, lolembedwa 42 pakhosi, naliyeza mosamala, nadula onse molingana nalo.

Shopuyo inali m'nyumba ya Anselmo, mkulu wake wa Cipriano. Iye anabwera kudzaona makatoniwo.

"Mlamu, kudula si kusoka ayi. Taonani zikopa mwaonongazi. Januwale akafika, nthawi ya chionetsero cha malonda, muno ndiikamo wogulitsa nsapato. Mudzandipatse kiyi."

"Ndamva, alamu," anayankha Herlinda.

Sanalire pamaso pa anthu. M'mawa ankapita ku Misa, kenako nkudzatsegula shopu yopanda ntchito. Doña Chole, wogulitsa matamale pakona, chakudya cha chimanga chokulunga m'makoko, ankamusiyira awiri pawindo nkumati atsala. Tonse tinkadziwa kuti matamale a Doña Chole satsala.

Patapita milungu iwiri kunabwera Don Nabor, dokotala wa mano wopuma ntchito, amene amasonkhanitsa majekete akale. Anabweretsa atatu oti akonzedwe zipi. Akanatha kupita nawo kwina, pakuti nkhani ya makatoni inali itamveka, koma anabwera kwa Herlinda.

Herlinda anawayala patebulo. Onse atatu anali olembedwa 42. Koma lina linali lalikulu m'mapewa, lina lochepa pachifuwa ndi zala zinayi, lachitatu lalifupi ngati la mwana wasukulu. Anaganiza kuti tepi yake yatamuka. Anabwereka ina nayezanso. Sizinasinthe.

"Don Nabor, kodi alipo anasintha manambalawa?"

Mkuluyo anaseka. "Ayi, mwanawe. Nthawi ya nkhondo mafakitale osoka anali ambirimbiri, onse pa liwiro, aliyense ndi kadulidwe kake. Komanso chikopa chikakalamba chimafota ngati ineyo. Cipriano sanakuuze?"

Sanamuuze. Cipriano zimenezi ankazidziwira m'manja, osalemba paliponse.

"Nanga lija ankasunga lija?"

"Lijatu ankalisunga chifukwa linalibe munthu loti limukwane. Ine ndinaliyesa, zipi inakana pamchombo."

Herlinda anakhala pansi pang'ono. Anazindikira kuti sanalakwitse kuyeza. Cholakwa chake chinali kukhulupirira nambala. Atadzuka anapempha chinthu chimodzi: kuti akayeze majekete onse a Don Nabor. Analipo khumi ndi asanu ndi anayi. Loweruka lililonse ankapita kukawayeza mapewa, chifuwa, mikono ndi msana, akazi a Don Nabor nkumamuikira khofi patali ndi zikopazo. Pobwerako ankadula patani ya pepala ya jekete lililonse nkuipachika pamsomali wake.

Kuyambira pamenepo anasiya kufunsa anthu nambala yawo. Ankayeza munthuyo, komanso jekete limene amalikonda kuvala. Ena zinkawanyansa.

"Mayi, ine ndavala 42 chikwatirire," anatero bambo wina wogulitsa matayala.

"Sindikukana, bwana. Koma jeketeli analisokera anyamata a zaka makumi awiri. Mimba yanuyi sinapite kunkhondo."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, nakweza manja kuti amuyeze.

Herlinda analembera wogulitsa wa ku Guadalajara uja kawiri, osayankhidwa. Kachitatu wogulitsayo analola kuyesa jekete limodzi lokha, natumiza miyeso ya kasitomala wake. Limenelo silinabwerere.

Majekete obwezedwa aja Herlinda sanawataye. Anasomola manambala onse, nalemba miyeso yeniyeni pa kapepala, nayamba kuwafunira eni ake. Lina linakwana mphunzitsi wina woonda. Lina linapita kwa mtsikana woyendetsa njinga yamoto. Zinkayenda pang'onopang'ono, mlungu wina osapita ngakhale limodzi. Pofika Januwale linatsala limodzi.

Anselmo anabwera m'mawa wozizira kudzatenga kiyi. Herlinda anali atayiika kale patebulo. Anayang'ana mapewa a mlamu wakeyo, munthu wowonda chibadwire, natsitsa jekete lotsala lija.

"Tavalani ili, alamu. Kukuzizira."

"Limenelo? Ine ndine wa 44, mlamu. Musandipanikize ngati soseji."

"Tangovalani."

Anavala monyinyirika. Msoko unakhala paphewa penipeni. Zipi inakwera mpaka pakhosi osakana. Anatambasula manja, nawapinda, naima pagalasi nthawi yaitali.

"Anadula ndani ili? Ndi la Cipriano?"

"Ndine, alamu. Ndi limodzi mwa aja ndinaononga aja."

Anselmo anachoka pagalasi paja. Anayang'ana mapatani pakhoma, kenako kiyi ija. Anaikankha ndi chala kubwerera kwa Herlinda.

"Wansapato uja akafune kwina," anatero, natuluka ali chivalire.

Ine ndimakhala kutsidya kwa msewu, ndipo m'mawa uliwonse ndikamva chitseko cha shopuyo chikutseguka ndimayamika Mulungu. Doña Chole amasiyabe matamale awiri pawindo. Herlinda anamusokera chikwama chachikopa, nkumuuza kuti ndi zidutswa zotsala.

Inu amene mwabwezeredwa makatoni anu, musafulumire kunena kuti manja anu ndi achabe. Mwina chimene munatengera ndicho chinali chopotoka. Yalani ntchitoyo patebulo, funsani odziwa, yezaninso. Ndipo wina akakusiyirani kanthu pawindo, landirani. Osataya mtima, tsegulani shopu mawa.