Maliro a aNachisale, eni ake ali moyo

Senderani kuno, inu ana, ndi inunso akuluakulu amene mukuwerenga muli chiimire pa siteji. Sabata ino mphamvu zokuwa ndilibe, ndiye amene akhale patali zimupitirira.

Lolemba la sabata yatha ndinali pakhonde panga kuno ku Chinsapo ndikusankha nyemba. Ndinangoona Tiyamike akutsika pa kabaza, mano onse pamtunda. Tiyamike ndi mtsikana wa kuseri kwa nyumba yangayi, anakulira m'maso mwathu, ndipo masiku ano amajambula timafilimu tatifupitifupi. Anagwada, kundipatsa moni, kenaka n'kundiika foni pamphuno.

"Agogo, taonani."

Ine zilembo za Chizungu sindizidziwa, koma chithunzi ndimachiona. Panali nthambi ziwiri za masamba, ina uku ina uku, pakati pake timawu.

"Wamwaliranso ndani?" ndinamufunsa.

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Ayi agogo. Masamba amenewa amaika filimu ikasankhidwa ku fesitivo, kumene anthu amasonkhana kukaonera mafilimu. Atilandira. Loweruka akaonetsa yathu ija ku Siti Senta. Mupite, inu ndi aNachisale."

Kodi mwamva? Kwa anzathuwo masamba ndi chimwemwe. Kwathu kuno masamba akagona pamsewu, wanjinga amatsika, abambo amavula zipewa, wailesi imazima. Ndipo masamba omwewo ndi amene anatipwetekera munthu.

Ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono.

Chaka chatha mvula itangosiya, Tiyamike anabwera ndi nkhani yake. Amafuna kujambula za mtsikana wobwera kuchokera ku Joni mochedwa, n'kupeza mayi ake ali kale m'bokosi. Bokosilo anakabwereka kwa a Kamwendo, kalipentala wa pamsika. Olira anapempha ife, amayi a kutchalitchi, poti nyimbo za pamaliro timazidziwa kuposa mayina a zidzukulu zathu. Chinasowa ndi munthu wogona m'bokosimo. Aliyense amene anamupempha ankangoti, "Iwe, usandilodze."

Anavomera ndi aNachisale, mnzanga wogulitsa mandasi pa siteji. Mayi ake a Tiyamike atamwalira, ndi aNachisale amene ankamusungira mwanayu mandasi otsala, kumuluka tsitsi, kumukalipira. Ndiye kumukana sakanatha. Anangoseka n'kunena kuti, "Ine ndimadzuka tambala asanalire kukakazinga. Lero munthu wandiuza kuti gonani masana, ndikane?"

Tsiku lojambula anyamata a Tiyamike anathyola masamba n'kuyala pamsewu kuti zioneke zenizeni. Amfumu a dera lathu anauzidwa, koma uthenga unathera pakhonde pawo. Ife tinayamba kuimba. Nanga munthu wa ku Chinsapo aone masamba pamsewu, amve amayi akuimba, afunsanso kuti kuli chiyani? Anthu anayamba kufika. Amayi ndi timbale ta ufa, ena nkhuni pamutu. Abambo anakhala pansi pa mtengo wa mango, zipewa pamaondo. Mayi wina amene ankagula mandasi m'mawa uliwonse atasuzumira m'bokosi n'kuona nkhope ya aNachisale, thonje m'mphuno, anadzigwetsa pansi n'kulira kochokera m'mimba.

Tiyamike anaona zonsezo. Sanaletse. Ananong'oneza wa kamera kuti apitirize.

Kenaka anakweza dzanja kuti basi zakwana. ANachisale anayetsemula, thonje n'kuuluka, anadzuka n'kukhala tsonga. "Ndipatseni madzi," anatero, "muno mukutentha ngati m'chiwaya."

Ife amene tinkadziwa tinafa ndi phwete. Wa kamera anachita kukhala pansi ndi kuseka. Koma amene samadziwa analiyatsa liwiro, ufa mbwee pabwalo, nkhuni zili apo, masilipasi ali apo. Ndipo wothawa ndi amene amayamba kufika kumene kuli makutu.

Pofika madzulo nkhani inali itamera miyendo. Ena ankati anafadi, n'kudzuka. Ena, amene amadzitcha ozindikira, ankati sanafe, koma munthu wamoyo sangalowe m'bokosi pachabe: chimenecho ndi chizimba cha bizinesi, sing'anga anamuuza kuti agonemo kuti mandasi aziyenda, kamera ija n'chophimba chabe. Ana popita kusukulu anapeka kanyimbo ka mandasi a mzukwa. Pa kiyosiki ya madzi amayi ankasuntha ndowa zawo aNachisale akafika. Beseni limene linkatha dzuwa lisanafike pamutu linayamba kubwerera kunyumba lodzaza, mandasi ali gwa.

Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zipota akulu. Si izi?

ANachisale anapita kwa Tiyamike. Sanapite ndi mkwiyo. Anati, "Mwana wanga, pachika chinsalu pakhoma la tchalitchi, uonetse anthuwa filimu ija aone okha kuti linali sewero. Akaseka, zitha."

Tiyamike anawafotokozera kuti sizingatheke msanga. Akuti eni mafesitivo ambiri amafuna filimu imene sinaonedwe kwina kulikonse. Ikaonetsedwa pakhoma la tchalitchi, wina n'kuijambula pafoni n'kuimwaza, basi, akaikana. "Dikirani pang'ono, mayi. Ikangolandiridwa kumodzi, ndibwera nayo."

Anadikira. Mvula inabweranso, n'kupitanso. Filimu inkayenda yokha pa intaneti kumayiko amene mayina ake amandipinda lilime, mwini wake ali pompano kudikira yankho. Ena ankakana, ambiri osayankha n'komwe. Ine sindikunena kuti mwanayu ankasangalala. Ndinkamuona akuonda. Kamera yobwereka, kompyuta yokalamba, anyamata omuthandiza amawalipira ndi tiyi. Koma pamene iye amadikira masamba a pafoni, aNachisale amadikira munthu woti agule mandasi.

Ndiye Loweruka tinapita. ANachisale anavala chitenje chawo cha kuukwati, mpango wogwirizana nacho. Tinakwera minibasi mpaka ku depoti, n'kusintha ina. Njira yonse ankangoti, "Lero ndikaione ndekha. Ikakhala bwino, sabata yamawa tipachika chinsalu."

Holo yake yozizira ngati m'firiji, mipando yofewa yomeza munthu. Munali mabwana a m'mabungwe, azungu angapo, ndi achinyamata a zikwama kumsana olankhula Chizungu chothamanga. A ku Chinsapo tinalimo atatu basi, kuwerengera Tiyamike yemwe.

Anazimitsa magetsi. Anayamba ndi mafilimu a ena, wina wa asodzi, wina wa mwana wothawa sukulu. Kenaka ndinangoona msewu wathu uli pakhoma, waukulu kuposa mmene ulili, fumbi lake lomwe lija. Pansi pa zithunzi pankadutsa zilembo za Chizungu za amene samva chinenero chathu. Pakakhala poseketsa, ife timayamba kuseka, iwo n'kubwera pambuyo akamaliza kuwerenga.

Ndisaname, mwanayu ali ndi dzanja. Ndinamva mawu anga omwe akutsogolera nyimbo, ndipo misozi inatsika ngakhale womwalirayo anali pambali panga akununkhira sopo. Mayi uja wodzigwetsa pansi analimo, kulira kwake konse. Nkhope ya aNachisale inadzaza khoma, phee, thonje m'mphuno. Anandigwira mkono mwamphamvu.

Mtsikana wa ku Joni anafika, anagwada. A Kamwendo anabwera ndi chivundikiro, anakhoma misomali. Mdima. Mayina anayamba kukwera. Anthu m'manja phuphuphu.

"Yatha?" aNachisale anandifunsa.

"Zikuoneka choncho."

"Nanga podzuka paja?"

Tinadzuka n'kutuluka.

Panja panali matebulo a tiyi ndi tinthu tobaya ndi timitengo. Tiyamike atathana ndi omupatsa moni anabwera kwa ife akuwala nkhope. ANachisale anamukokera pambali.

"Wachita bwino, mwana wanga. Koma podzuka paja pali kuti? Poyetsemula paja, iwe ukuseka, wa kamera atakhala pansi?"

"Mayi, pamenepo si pa nkhaniyi. Timadula. Mukadzuka ndiye filimu yonse yagwa."

"Chabwino, dula, ntchito ndi yako. Koma zodulazo uli nazo? Undiikire pafoni ya mwana wanga, ndizikaonetsa ndekha pa siteji."

Tiyamike anayang'ana nsapato zake. "Malo mu kompyuta anachepa. Zonse zimene sizinalowe mufilimu ndinafufuta."

Tili chomwecho panabwera bambo wina wa jekete, kapu ya tiyi kumanja. Anawazindikira aNachisale. Anasintha kapu n'kuwapatsa dzanja. "Ndinu amene munali m'bokosi? Mayi, munafa bwino kwambiri."

"Zikomo bambo," anatero aNachisale. "Kwathunso akutero."

Tsono ndi pamene ndikufuna ndilankhule nanu, inu a makamera, chifukwa mwachuluka. Ku Mgona mulipo, ku Mtsiliza mulipo, kuno ku Chinsapo sipatha mwezi osakuonani mutagwada m'ngalande kufuna chithunzi. Ine sindidana nanu. Ndimakondwa kuti ana athu ayamba kunena okha nkhani zathu, osati kudikira alendo. M'mavidiyo a pamsika ana amangoonera anthu a kutali akumenyana mateche, ndiye pakhale wina woonetsa msewu wathu, n'chinthu chabwino.

Koma mukamaliza, mumapita nazo kuti?

Ine ndikapita ndi chimanga kuchigayo, wogaya amandipatsa ufa wanga, gaga yemwe amandibwezera. Sanena kuti gagayu ndi wosafunika, ndataya. Amadziwa kuti mwini chimanga ali ndi nkhuku, mwina ali ndi chaka cha njala. Telala akadula nsalu, zigamba amakulunga n'kukupatsa. Inu mumatenga nkhope ya munthu, misozi ya mnansi wake, msewu wa anthu, n'kusefa mbali yoyera kupita nayo ku holo yozizira. Chotsala mumafufuta, osafunsa ngati mwini wake amachifuna. Kwa inu chinali chinyalala. Kwa aNachisale ndi pokhapo pamene panali umboni woti ali moyo ndipo sanapite kwa sing'anga.

Ngakhale sewero la Pasaka kutchalitchi, wopachikidwa uja amatsika pamapeto n'kudzagwira anthu chanza. Wosewera Yudasi timamwa naye thobwa, ana n'kuona kuti ndi uja wometa anthu pamsika. Sewero likatha wosewera amabwezedwa kwa anthu ake. Filimu sibweza munthu. Imamusiya pamene yamusiya, ndipo amene amaombera m'manja ku Siti Senta sadzakumana naye pa kiyosiki.

Nanunso eni mafesitivo, lamulo lanu loti filimu isaonedwe kwina munaliika poganizira ndani? Anthu amene ali mufilimumo ndi "kwina"? Mayi uja anagubuduka m'fumbi kulira mnzake, lero nkhope yake yaonedwa ndi azungu, koma iye mpaka pano sakudziwa kuti alimo. Akaiona iye poyamba, mipando yanu yofewa ichepa?

Ndipo tisadzichotsepo ife a m'makomboni. Ndatopa nafenso. Munthu wakazinga mandasi pakati pathu kuyambira ana athu ali kumsana, tsiku limodzi lokha wagona m'bokosi lobwereka, basi tamupeza ndi chizimba. Kukhulupirira choipa sitichedwa. Koma poti ndi mmene tilili, ndipo Tiyamike anabadwira momwemu, anayenera kudziwa kuti masamba sayalidwa pamsewu mwamasewera. Anthu aja atayamba kufika ndi ufa, mawu amodzi okha akanakwana. Kulira kwenikweni kunamukomera pa kamera.

Pobwerera tinakwera minibasi imodzi tonse atatu. Titadutsa mlatho Tiyamike anatembenukira kwa aNachisale. Kenaka anati, "Mayi, pali fesitivo ina yakunja imene sinayankhe. Ikangoyankha, ndipachika chinsalu pa tchalitchi. Ndilankhulanso ndekha pamaso pa anthu."

"Usavutike, mwana wanga," anatero aNachisale akuyang'ana pawindo. "Ukaonetsa imene ija, ndiye wandiika m'manda kachiwiri. Amene anali ndi chikaiko aona misomali."

Mufuna kudziwa za aliyense, poti nkhani siisiyidwa anthu ali panjira.

A Kamwendo bokosi lija palibe anagula. Aliyense wobwera ndi chisoni chake ankayamba wafunsa kuti, "Si logonamo kale lija?" Analiphwasula n'kukhoma benchi, ndipo ndi iwo okha amene amakhalapo.

Tiyamike walemba nkhani ina. Akufuna mayi wachikulire woti asewere ngati woganiziridwa ufiti. Anabwera dzana kudzandipempha, atagwada bwinobwino. Ndinamuuza kuti ine ndikufuna kupitiriza kutunga madzi pa kiyosiki yomweyi.

ANachisale dzulo anamanga chiwaya, beseni ndi mbaula pa kabaza. Apita kwa mng'ono wawo ku Area 36, akayambirenso pamsika wa kumeneko. Nyumba asiyira mwana wawo. Potsanzikana ndinawafunsa chifukwa chake asankha kutali chotero, pamene misika ilipo yapafupi.

"Kumeneko," anatero, "kulibe amene anandilirapo."