Swichi Yopotokola ya Alamu Anga

Chaka chomwe magetsi anafika kunyumba kwathu ku Mtakataka, amayi anali atayamba kale kuona mwachimbuuzi. Babu la pabalaza linawathandiza, moti ankasankha mpunga ndi kulowetsa ulusi m'singano osaitana munthu. Amene silinawasangalatse anali alamu anga, amuna a achemwali, omwe ankakhala nafe chikamwini. Anakhalako ku Lilongwe miyezi inayi yokha, koma tonse tinatopa ndi kumva za miyezi imeneyo.

Loweruka lina masana anatsika minibasi ndi kabokosi. Mkati munali swichi yokhala ndi kopotokola ngati ka wailesi.

"Mlamu," anatero kwa ine, "iyi ukapotokola, kuwala kumachepa pang'onopang'ono. M'mahotela amaika zimenezi."

"Nanga ife tadandaula kuti kwawalitsa?"

"Kuipa kwa kusayenda kumeneko."

Ndinati tiitane bambo a ku Golomoti amene anatiikira mawaya. Anakana, ati anaonera pafoni kawiri konse. Ndinati athimitse kaye pa meni swichi. Anandiseka. Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa, ndiye athimitsa chiyani?

Anamasula swichi yakale ndi mpeni wa kukhitchini, mawaya n'kukhala lende. Anali chiimire pasimenti, wopanda ndi patapata yemwe, waya wofiira ali m'manja. Kenaka ndinamva chigayo cha kumsewu chikuyamba kulira, ndipo aliyense kwathu amadziwa tanthauzo lake. Ndisanatsegule pakamwa, alamu anakuwa kuti "Mayo ine!" n'kugwa chagada m'lichero la apongozi awo. Mpunga mbwee pabalaza ponse. Amayi, poti mkamwini sayang'anitsitsidwa, anatembenukira kukhoma, koma mapewa awo ankagwedera.

Munthu wamanyazi akanalekera pomwepo. Iwo ayi. Anakathimitsa pa meni paja mwakachetechete, n'kumaliza ntchito chala chili m'kamwa. Atayatsa, babu linayamba kuphethira, swichi ikulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Akapotokola pang'ono, mdima. Akabweza, kuphethira.

"Babu ili ndi labodza," anatero.

Tinapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu kukhoma kunayamba kununkha pulasitiki wopsa, achemwali n'kupalasa okha njinga mpaka ku Golomoti. Bambo amagetsi aja atatsegula anapukusa mutu. Waya wina anali wosamangitsa, komanso mababu athu sanali a mtundu wogwirizana ndi swichi yotere.

"Anaika ndani ichi?"

Alamu anali atazemba kale kupita ku bawo. Swichi yakale tinakaitola kudzala, n'kuibwezera pamalo pake.

Ku bawoko ankauza anzawo kuti magetsi a kumudzi ndi ofooka, sangakwanitse zipangizo za m'tauni. Chala chinapola pasanathe sabata, koma nsalu anamangabe mpaka kupalira kutatha, ndipo munda wawo tinalima ine ndi achemwali.