Chaka Chomwe Ndinaphunzira Chiimire

Kuchokera kumalayini a esiteti komwe tinkakhala kukafika kusukulu ya mishoni, njira inali yodutsa m'munda wa tiyi. Mitengo ya tiyi amaidula kuti ilekeze m'chiuno mwa munthu wamkulu, koma ine inkandilekeza pachifuwa, ndipo mizere yake inali yothinana. Mvula ikagwa kapena chiperoni chikatsika, tsamba lililonse linkasunga madzi ake kudikira wodutsa. Tsamba la nthochi lomwe ndinkafunda linkangonditchinga kumutu. Deresi ndinali nalo limodzi, losoka amayi pamanja, ndiye ndinkafika kusukulu litandimatirira pathupi, madzi akutsika m'miyendo.

Anzanga ambiri anali a pamishoni pomwepo, ana a anamwino ndi aphunzitsi. Iwo ankangodutsa bwalo n'kulowa m'kalasi ali ouma.

Aphunzitsi athu anali bambo aatali, okonda kuphunzitsa Chingerezi ndi zinthu zooneka. Tsiku lina anandiimika kutsogolo. Analoza phewa langa, pomwe panali chinyezi chabe, nati, "Damp." Analoza pamimba nati, "Wet." Kenako analoza m'munsi mwa deresi momwe munkadontha madzi nati, "Soaked." Kalasi inabwereza mokweza, kenako inaseka. Mawu atatuwo ndinawagwira tsiku lomwelo kuposa wina aliyense. Kuyambira pamenepo, ndikangolowa, anyamata ankanong'onezana, "Lero ndi liwu liti mwa atatu aja?"

Kusekedwako ndinkapirira. Chondipweteka chinabwera pambuyo pake. Aphunzitsi analamula kuti wonyowa azikhala pakhonde mpaka aume, chifukwa tinkanyowetsa mabenchi, komanso mabuku owerenga, omwe anali ochepa, ankafufuma tikawagwira. Tinalipo atatu, tonse akumalayini. Pakhonde, mvula ikamagunda malata, sumva chilichonse cha m'kati. Ndiponso tsiku la chiperoni munthu sauma. Masamu ankatha, Chingerezi chinkatha, ife tikunjenjemera panja. Anzanga awiriwo anasiya sukulu n'kuyamba kuthyola tiyi.

Bambo anga atamva zakhondezo sanakalipe. Ananena m'Chilomwe chathu cha pakhomo kuti, "Ngati n'kunyowa, nyowa uli ndi dengu kumsana. Akapitawo akufuna manja." Ndinawapempha kuti andilole mpaka mayeso. Anavomera, koma anati ndikalephera, nkhani ya sukulu yatha.

M'mawa mwake ndinatenga chiguduli chakale cha amayi, ndinachipinda n'kuchisenza pamutu, tsamba la nthochi pamwamba. Nditafika sindinaime pakhonde. Ndinalowa, ndinapita kumbuyo kwa benchi lomaliza, ndinayala chigudulicho pansi n'kuimapo.

"Mtsikana iwe, khonde waliphonya?" anafunsa aphunzitsi.

"Ayi, aphunzitsi."

"Nanga ukutani m'nyumba muno?"

"Munati tisanyowetse benchi. Benchi sindilikhudza. Buku sindiligwiranso, ndizisuzumira la mnzanga."

"Ndiye uima mpaka liti?"

"Mpaka mutamaliza kuphunzitsa."

Aphunzitsi anayang'ana ndodo yawo patebulo, kenako anayang'ana ine. "Ima tione," anatero. "Miyendo ndi yako."

Ankayesa kuti nditopa lisanathe tsiku. Kutopa ndinatopadi. Kulemba pasileti utaima n'kovuta, sileti imatsetsereka pamkono, ndipo zilembo zanga zinayamba kupendama. Aphunzitsi ankazichonga molimba, osandimvera chisoni, ndipo inenso chisonicho sindinkachifuna. Ndinadwala chifuwa. Amayi ankandimwetsa madzi a masamba a bulugama, akudandaula kuti ndatengera liuma la kuchimuna. Chiguduli chinayamba kununkha nkhungu, ndiye Lachisanu lililonse ndinkakachichapa kumtsinje.

Kutsogolo kwanga kunkakhala mwana wa anamwino, mtsikana waukhondo yemwe anali asanandilankhulepo. Poyamba ankakankhira buku lake kutali. Kenako anayamba kulikweza pang'ono ndi kulipendeketsa kuti ndione, uku akung'ung'udza, "Koma usandidonthezere pakhosi." Ndikawerenga mochedwa, ankadikira asanatembenuze tsamba. Sitinakhale mabwenzi. Ankangogwira bukulo basi.

Aphunzitsi sanandiuzepo kuti ndikhale pansi, ndipo lamulo lawo sanalichotse. Masiku adzuwa ndinkakhala pabenchi ngati wina aliyense. Koma chaka chimenecho chiperoni chinakakamira, ndiye masiku oima anachuluka. Ngakhale mayeso ndinalemba chiimire, pepala nditaliika pawindo, mkono wa deresi nditaupindira kuphewa kuti usalikhudze.

Tsiku lomwe anawerenga mayina a okhoza, langa linalipo. Sindinali woyamba, ndinali chapakati, koma ndinakwera kalasi. Ndinathamangira kumunda komwe bambo ankathyola. Kunali kukuwaza, iwo atafunda saka kumutu, dengu kumsana. Ndinawauza ndili wefuwefu. Manja awo sanasiye kuthyola.

"Ndiye chaka chamawa ukaimanso?" anafunsa.

"Ndikaimanso, bambo."

Anaponya tiyi m'dengu n'kusunthira pamtengo wina. "Chabwino. Tsopano choka mumzere muno, akapitawo angakulembe ntchito."